Khosi linatupa atayambiranso ma ARV: lipoti la bambo wa CD4 38

Ndine kiliniko ofesa pa chipatala china cha boma m'chigawo chakumwera. Ndimaona odwala ku wodi ya abambo komanso ku kiliniki ya ma ARV. Bambo amene ndikulemba za iwo ndawatsatira kwa zaka ziwiri, ndipo anavomera kuti nkhani yawo ilembedwe bola dzina ndi mudzi zisatchulidwe. Ndailemba chifukwa pa bambo mmodzi yemweyu ndinaona ndi maso zinthu zimene ambirife tinangoziwerenga kusukulu: mmene asilikali a m'thupi amafera, ndiponso mmene chitetezo chikamadzuka chimathanso kumuvulaza mwiniwake.

Mmene anafikira

Bambowa anali ndi zaka 36. Anabwera pa kabaza, atakhala pakati, mlongo wawo atawagwirira kumbuyo kuti asagwe. Anali atangotha milungu 3 chibwerereni ku Johannesburg kumene ankagwira ntchito yosamalira maluwa pa nyumba za anthu. Kabuku kawo ka chipatala kanali kakale, kothimbirira, ndipo kanaonetsa kuti anayamba ma ARV kwathu konkuno nthawi imene tinkapereka mtundu wa ma ARV wotchedwa 5A. Anamwa bwino zaka zitatu. Popita ku Joni ananyamula mabotolo a miyezi 6, ndipo kwa kanthawi achibale ankawatumizira ena kudzera kwa oyendetsa mabasi. Kenako njirayo inaduka. Mapepala awo okhalira m'dzikomo anali atatha, choncho ankaopa kuonekera ku kiliniki. Anakhala zaka ziwiri ndi theka osamwa kanthu.

"Ndinkamva bwino, adokotala," anatero. "Ndinkati mwina kanatheratu."

Mawu amenewa ndawamva kwa anthu ambiri, ndipo sindiwadzudzula nawo. Munthu amaweruza thupi lake ndi mmene akumvera m'mawa podzuka, pamene ntchito ya kachilombo ka HIV imachitikira malo amene munthu samva kuwawa.

Anadandaula chifuwa cha mwezi wathunthu, thukuta la usiku lonyowetsa zofunda, kutsegula m'mimba kwa apo ndi apo, ndi kusafuna chakudya. Pa sikelo anakwana makilogalamu 47, pamene m'kabuku muja sikelo yomaliza inali 63. Thupi linatentha kufika 38.6. M'kamwa munali zoyera zokhala ngati mkaka wogona, m'maso munali mbuu. M'khosi mbali ya kumanja ndinakhudza timwanabere tiwiri tating'ono ngati nyemba, tosapweteka. Ndinayang'ana pakhungu ponse, m'miyendo ndi kumwamba kwa m'kamwa kufuna zizindikiro za khansa ya Kaposi, sindinapeze. Mutu sunkawapweteka ndipo khosi silinali louma.

Zimene tinapeza

CD4, chiwerengero cha maselo amene timawatcha asilikali a m'thupi, inatuluka 38. Munthu wathanzi amakhala ndi maselo amenewa pakati pa 500 ndi 1,500 m'kadontho kamene timayezako, ndipo aliyense wotsika pa 200 timamuwerenga kuti matenda afika patali. Magazi anali ochepa, Hb 8.1. Malungo sanapezeke. CrAg ya m'magazi, imene imatiuza ngati bowa woyambitsa matenda oumitsa khosi walowa, inali bwino. Mkodzo tinauyeza ndi LAM, kapepala koyezera TB, ndipo mzere unaoneka mosakayikitsa. Kuyeza TB mu mkodzo kwa odwala ogonekedwa kunalimbikitsidwa ndi kafukufuku wa STAMP amene anachitikira ku Zomba Central Hospital ndi ku Edendale ku South Africa, zotsatira zake zinatuluka mu 2018, ndipo kwa ife a m'zipatala zazing'ono kapepala kameneka kasintha zambiri, chifukwa wodwala wofooka nthawi zambiri satha kutulutsa makhololo. Bambowa anatha kuwatulutsa, ndipo GeneXpert, makina oyezera TB, inapeza TB yomva rifampicin, mmodzi mwa mankhwala akuluakulu a TB. Pa sikani ya m'mimba tinaona mwanabere wambiri mozungulira mitsempha ikuluikulu, ndi timadontho takuda m'kapamba. TB inali itafalikira thupi lonse.

Tsiku lomwelo tinayamba mankhwala a TB, mapiritsi 3 a RHZE pa tsiku molingana ndi sikelo yawo, pamodzi ndi vitamini wotchedwa pyridoxine ndi Bakitirimu. Pofika tsiku la 10 thupi linazizira, anayamba kupempha nsima m'malo mwa phala, ndipo ankayenda okha kupita kukasamba. Pa tsiku la 14 tinayamba ma ARV a 13A, aja a tenofovir, lamivudine ndi dolutegravir, n'kuwonjezera piritsi lina la dolutegravir la 50 mg madzulo chifukwa rifampicin amachititsa chiwindi kuphwanya mankhwalawa msanga. Anatuluka tsiku lotsatira akumwetulira.

Ndinawauza kuti akadzamva zachilendo abwere. Ndinanena choncho basi, mwachidule, ndili chiimire, wodi itadzaza. Sindinawakhazike pansi pamodzi ndi achibale kuwafotokozera kuti munthu wa CD4 yotsika chonchi, wa TB yofalikira chonchi, akhoza kudwalikanso pakatha sabata imodzi kapena ziwiri ngakhale mankhwala akugwira bwino ntchito. Apa ndipo ndinalakwitsa koyamba.

Asilikali aja anapita kuti

Ndisanafike pa kubweranso kwawo, ndiyenera kufotokoza chimene nambala ya 38 imatanthauza, chifukwa zonse zotsatira zikuchokera pamenepo.

Kwa odwala timakonda kunena kuti kachilombo kamalowa mwa msilikali, kamaswana, msilikaliyo n'kufa. Zimenezi ndi zoona koma ndi kagawo kakang'ono. Akatswiri anadabwa kwa zaka zambiri kuti maselo amene kachilombo kakuswaniranamo ndi ochepa kwambiri poyerekeza ndi amene akufa. Tsono enawo akuphedwa ndi chiyani?

Choyamba kudziwa ndi chakuti m'magazi amene timatenga pa mkono muli kagawo kochepa chabe ka maselo amenewa, pafupifupi 2 pa 100. Ochuluka amakhala m'mwanabere, m'kapamba ndi m'khoma la matumbo. Nkhondo yeniyeni ili kumeneko. Mu 2004 ofufuza anaonetsa kuti m'milungu yoyambirira munthu atangotenga kachilombo, ma CD4 ambiri a m'matumbo amatha, munthuyo akuyendabe ndi mphamvu zake, CD4 ya m'magazi ikuoneka ngati ili bwino. Khoma la matumbo likataya alonda ake limayamba kudontha. Mu 2006 gulu la Daniel Douek ku America linapeza kuti tizidutswa ta mabakiteriya a m'matumbo, totchedwa LPS, timalowa m'magazi a anthu amene ali ndi HIV, ndipo thupi likationa limakhala chilili ngati mudzi womva mfuu usiku uliwonse.

Chachiwiri ndi kafedwe kake. Selo lili ndi njira zingapo zofera. Pali apoptosis, imene ndi imfa yachete. Selo limafota, limadzimanga m'timaphukusi, anzake n'kulimeza popanda phokoso, monga tsamba louma limathothokera pansi n'kusanduka manyowa. Maselo amene kachilombo kakwanitsa kuswaniranamo ambiri amafa chonchi, kudzera mwa enzyme yotchedwa caspase-3. Ena amafa chifukwa chotopa: selo likamangodzutsidwa kosalekeza limatulutsa pakhungu pake chizindikiro chotchedwa Fas, ndipo lina likachikhudza, limalamulidwa kudzipha.

Koma kumapeto kwa 2013 gulu la Warner Greene ku Gladstone Institutes, mumzinda wa San Francisco, linafotokoza njira ina imene kwa ine inamasulira zambiri. Pogwiritsa ntchito minofu ya m'khosi ndi ya kapamba, anapeza kuti maselo oposa 95 pa 100 amene ankafa anali ogona, osati aja kachilombo kakuswaniranamo. Kachilombo kamalowa m'selo logona, kamayamba kukopera uthenga wake, koma kamalephera kumaliza chifukwa selo logona lilibe zipangizo zokwanira. Tizidutswa ta DNA tosamalizidwato timatsala m'katimo. Selo lili ndi mlonda wake wotchedwa IFI16 amene amatizindikira kuti ndi tachilendo, ndipo amadzutsa caspase-1. Selo limaphulika. Imfa imeneyi amaitcha pyroptosis, dzina lochokera ku mawu a Chigiriki otanthauza moto. Pophulikapo limamwaza mankhwala oitanira anzake, makamaka IL-1 beta. Anzakewo amathamangira pamalopo kudzathandiza, kachilombo n'kuwalowanso, nawonso n'kuphulika.

Aliyense amene anaonapo nyumba ya udzu ikupsa mu Okutobala akudziwa zimenezi. Mfuu ikamveka anthu amakhamukira, ndipo mphepo ikatembenuka, amene anabwera ndi ndowa ndi nthambi ndi amene amapsa, moto n'kulumphira denga lina.

Mankhwala oitanira amenewa ndi amene timawatcha ma cytokine. Ndi timauthenga timene maselo a chitetezo amatumizirana: bwerani kuno, swanani, menyani, lekani. Pa chipatala ngati chathu sitiwayeza, koma ntchito zawo timaziona tsiku ndi tsiku pa bedi. IL-1 ndi IL-6 zikafika ku ubongo zimakweza kutentha kwa thupi. TNF kale ankaitchanso cachectin chifukwa imawondetsa munthu, imapha chilakolako cha chakudya n'kusungunula minofu, ndipo makilogalamu 16 amene bambowa anataya sanapite ndi njala yokha. IL-6 imauza chiwindi kupanga CRP, imene timatha kuyeza, komanso hepcidin, imene imatsekera ayironi m'nkhokwe kuti asagwiritsidwe ntchito. N'chifukwa chake Hb ya 8.1 sindinaithamangire ndi mapiritsi a ayironi. Ayironi analimo m'thupi, koma anali wotsekeredwa, ndipo chotsegulira chake chinali kuzimitsa motowo.

Panali chinthu chimodzi chimene ndinachiona koma sindinachiganizire mokwanira: timwanabere ta m'khosi tija tinali tating'ono ndi tosapweteka, chonsecho tinali todzaza ndi TB. Kutupa ndi kupweteka ndi ntchito ya asilikali. Kumene kulibe omenya nkhondo, mdani amakhala phee. Kuchepa kwa timwanabereto sikunali chizindikiro chabwino ayi.

Kubweranso kwawo

Patatha masiku 12 chiyambireni ma ARV, namwino anandiitana ku OPD. Ndinawapeza bambowa atagona pa benchi, mutu uli pamiyendo pa mayi awo, gogo wa zaka za m'ma 60 amene ankawakupiza ndi nsonga ya chitenje. Khosi mbali ya kumanja linali litatupa ngati bango la mango, lonyezimira, lofiirira, lotentha ukaligwira. Ndinayeza ndi tepi, masentimita 6. Pamwamba pa chotupacho panali timizere 5 ta mphini, tatsopano, topakidwa zakuda. Thupi linatentha 39.4, mtima unkagunda ka 124 pa mphindi, ndipo m'mimba munkawapweteka ndikasindikiza.

Mayi aja sanadikire kuti ndifunse.

"Adokotala, mwana wangayu anatuluka muno ali bwino. Ankadya. Mankhwala achiwiri aja ndi amene amuwotcha. Ndamuletsa kumwa, lero ndi tsiku lachitatu."

Mlongo wawo anayang'ana pansi. Kenako anandiuza chapansipansi kuti a TB anapitiriza kuwapatsa mobisa, koma botolo la ma ARV mayi analimanga pa mpango wawo.

Sindinakwiye nawo. Mayiwa anaona zoona: mwana wawo anali bwino, anayamba mankhwala ena, anadwalika. Aliyense woganiza bwino akanalumikiza zinthu ziwirizi. Chimene chinasowa ndi chenjezo limene ine ndinayenera kuwapatsa. Ndinakoka mpando n'kukhala.

"Mayi, mwaona bwino, ndipo sindikukutsutsani. Kutupaku kwabwera chifukwa cha mankhwala aja. Koma si poizoni. Mwana wanu asilikali ake anali atagona, TB inalowa m'nyumba n'kukhala mwaufulu. Mankhwalawa awadzutsa. Adzuka n'kupeza mdani ali paliponse, ndiye akumenya mosaona, mpaka akuswa ndi ziwiya za m'nyumba momwe. Tikawagonekanso, mdani uja apambana. Chofunika ndi kuwagwira dzanja pang'ono kuti amenye mwanzeru."

Anakhala chete nthawi yaitali. Kenako anamasula mfundo ya mpango n'kundipatsa botolo lija.

Chimene ndinkaganizira ndi TB-IRIS, kudwalika kumene kumabwera chitetezo chikayamba kubwerera. Dolutegravir amagwetsa kachilombo msanga kwambiri, m'milungu yochepa chabe. Kachilombo kakatsika, ma CD4 amene anali atapanikizika m'mwanabere amamasuka, ndipo ma macrophage, maselo akuluakulu omeza tizilombo amene anakhala miyezi atadzaza ndi TB koma osalandira lamulo lomenya, amalandira lamulolo onse nthawi imodzi kudzera mwa cytokine yotchedwa interferon gamma. Amayankha ndi chigumula cha TNF, IL-6, IL-1 beta ndi IL-18. Caspase-1 yemwe uja amene anapha ma CD4 alinso pakati pa zimenezi. Amene ali pa chiopsezo chachikulu ndi wa CD4 yotsika kwambiri, wa TB yofalikira, ndi woyamba ma ARV patangopita nthawi yochepa chiyambireni mankhwala a TB. Bambowa anali nazo zonse zitatu.

Komabe IRIS ilibe chipangizo choiyezera. Umafika pa dzinali utachotsa zina zonse, ndipo apa ndi pamene anzathu ambiri amagwa, mbali zonse ziwiri. Wina amatcha IRIS chilichonse n'kupereka prednisone, mankhwala ochepetsa kutupa pofooketsa chitetezo, kwa munthu amene ali ndi TB yosamva mankhwala kapena mabakiteriya m'magazi. Wina amaopa dzinali n'kumangosintha maantibayotiki mpaka wodwala kufooka. Ife tinabwerezanso kuyeza malungo ndi CrAg, zonse zinali bwino. Chiwindi chinakwera pang'ono, osafika poimitsa mankhwala. Impso zinali bwino. CRP inali yokwera kwambiri, 186. Mlongo wawo anationetsa khadi la TB lochongedwa tsiku lililonse. Chifukwa cha mphini zija, ndiponso chifukwa odwala otere amagwidwa kawirikawiri ndi salmonella ya m'magazi, tinayamba antibayotiki wotchedwa ceftriaxone. Ndinabaya chotupacho ndi jakisoni wamkulu n'kukoka mafinya okwana mamililita 15, achikasu, olemera ngati phala la mwana, opanda fungo. GeneXpert ya mafinyawo inapeza TB, yomvabe rifampicin. Apa pafunika kusamala pomasulira, chifukwa makinawa amaona DNA ya tizilombo takufa tomwe, choncho kupezeka kwa TB pa sabata yachinayi sikutanthauza kuti mankhwala alephera. Chimene ndinkafuna kwenikweni pa kuyezako ndi mawu akuti yomva rifampicin.

Ma ARV tinawayambiranso tsiku lomwelo. Sitiimitsa ma ARV chifukwa cha IRIS pokhapokha moyo uli pachiswe, monga pamene kutupa kuli mu ubongo kapena kukutseka njira ya mpweya.

Patatha masiku atatu a ceftriaxone thupi linali likutenthabe pa 39. Ndinayang'ananso khungu lonse ndi m'kamwa ndi tochi, chifukwa prednisone amakulitsa khansa ya Kaposi mwamsanga ndipo ndinaonapo zimenezi zikuchitika. Nditakhutira kuti palibe, tinayamba prednisone 70 mg pa tsiku, kutsatira muyezo wa 1.5 mg pa kilogalamu kwa milungu iwiri kenako theka lake kwa milungu ina iwiri, umene Graeme Meintjes ndi anzake ku Cape Town anauyesa n'kulengeza zotsatira mu 2010. Muyezowu umaoneka waukulu, ndipo mnzanga wina pa wodi anandifunsa ngati sindinalakwitse. Chifukwa chake ndi rifampicin yemwe uja, amene amaphwanyitsanso prednisone msanga, moti wofika pa ntchito ndi wochepa kuposa wolembedwa.

Pa tsiku lachiwiri la prednisone thupi linazizira. Pa tsiku lachinayi ndinawapeza atakhala pa khonde la wodi akudya chinangwa chophika, mayi awo ali pambali akuwasendera nthochi.

Apa ndi pamene ndiyenera kutchula kulakwitsa kwanga kwachiwiri. Gulu la Meintjes lomwelo linachita kafukufuku wina ku Khayelitsha, wotchedwa PredART, amene anatuluka mu 2018. Anatenga odwala TB 240 a CD4 yosaposa 100 amene ankayamba ma ARV koyamba. Theka analandira prednisone wochepa kuyambira tsiku loyamba ma ARV, 40 mg kwa masiku 14 kenako 20 mg kwa masiku ena 14. Mwa amenewa IRIS inagwira 32.5 pa 100, pamene mwa osalandira inagwira 46.7 pa 100, ndipo matenda ena oopsa sanachuluke. Kafukufukuyu ndinkamudziwa. Bambowa anali atamwapo kale ma ARV, koma pa CD4 ndi TB ankafanana ndi odwala amenewo. Sindinawapatse chifukwa dzanja langa linazolowera kuopa prednisone mwa munthu wopanda chitetezo, ndipo tsiku lowatulutsa ndinalibe mphindi yoganiza kawiri. Mankhwalawa sateteza aliyense, koma ndinayenera kuwapatsa mwayiwo.

Kutsitsa prednisone sikunayende mosalala. Titafika pa 35 mg khosi linatupanso ndipo thupi linayamba kufunda madzulo. Tinabwerera pa 50 mg n'kumatsika pang'onopang'ono, moti onse pamodzi anamwa milungu 9. Chotupacho ndinachikoka mafinya kanayi. Sindinafune kuching'amba ndi mpeni chifukwa bala la TB la m'khosi limachedwa kupola ndipo limatha kukhala likudontha miyezi. Ngakhale tinayesetsa, linaboola lokha pa mphini imodzi ija n'kudontha kwa milungu 6, n'kusiya chipsera chokhwinyata pansi pa chibwano. Shuga tinkamuyeza sabata iliyonse ndipo sanakwere. Zoyera za m'kamwa zinabwereranso kamodzi, tinazithana ndi fluconazole.

Mankhwala a TB anamaliza pa miyezi 6. Dolutegravir wa madzulo tinamupitiriza milungu ina iwiri rifampicin atatha, chifukwa chiwindi sichibwerera msanga pa liwiro lake lakale. Hb inakwera yokha kufika 12.4 popanda ayironi.

Nambala imene sinkafuna kukwera

Pa miyezi 6 viral load, muyezo wa kuchuluka kwa kachilombo m'magazi, inatuluka yosaoneka. Pa chaka inali yosaonekabe, sikelo ili pa 58. Masiku ano sitiyeza CD4 mwachizolowezi kwa munthu amene viral load yake ili bwino, koma kwa bambowa ndinapempha, ndipo inatuluka 131. Iwo anagwa nayo mphwayi. Mnzawo wina wa pa kiliniki anawauza kuti yake inafika 600.

"Ndiye kuti mankhwalawa kwa ine sakugwira, adokotala? Ndikumwa osadumphitsa."

Ndinawayankha kuti akugwira, ndipo umboni wake ndi viral load. Ma ARV ntchito yawo ndi kuletsa kachilombo kuswana. Kubereka asilikali atsopano ndi ntchito ya thupi, ndipo thupi limabereka molingana ndi mmene munda watsalira.

Mawu a munda sindinawanene mongosangalatsa. Ofufuza a ku University of Minnesota, Timothy Schacker ndi Ashley Haase, anaonetsa kuti mwanabere wa munthu amene wakhala nthawi yaitali ndi kachilombo kosaletsedwa amadzaza ndi zipsera za collagen. Thupi poyesa kuziziritsa kutupa kosatha limatulutsa cytokine ina yotchedwa TGF beta, ndipo imeneyi imasiya zipsera. M'kati mwa mwanabere muli ukonde wa timaselo timene timapanga IL-7, chakudya chimene ma CD4 atsopano amafuna kuti akhale ndi moyo. Zipsera zikakwirira ukondewo, selo latsopano limafika koma silipeza chakudya, limafa. Zili ngati kudzala chimanga pa nthaka imene inakokoloka n'kutsala lubwe. Uwonjezerepo kuti thymus, kumene maselowa amaphunzirira ntchito, imachepa munthu akamakula, ndiponso kuti matumbo aja sachira kwathunthu, ndiye kuti kamoto kena kamakhala kakunyekabe pansi pa phulusa ngakhale viral load ili yosaoneka. Amene amayamba kapena kuyambiranso mankhwala CD4 itatsikitsitsa ndi amene kawirikawiri amakwera mochedwa chonchi.

Zaka ziwiri ndi theka za ku Joni zija ndi zimene zinadya mundawo. Kuopsa kopumira mankhwala kunadziwika kale mu 2006, pamene kafukufuku wamkulu wa SMART, wa anthu oposa 5,000, anaimitsidwa msanga chifukwa amene ankapumira ma ARV ankadwala ndi kufa kwambiri kuposa omwa mosalekeza, ndipo osati ndi matenda a Edzi okha komanso a mtima, impso ndi chiwindi. Atayeza magazi awo anapeza kuti amene IL-6 ndi D-dimer (chizindikiro cha kuundana kwa magazi) zawo zinali zokwera ndi amene anali pa chiopsezo chachikulu cha imfa. Choncho munthu akandiuza kuti anasiya mankhwala koma ankamva bwino, ndimamukhulupirira, koma ndimadziwanso zimene zinkachitika m'mwanabere mwake nthawi yonseyo.

Bambowa anandifunsa za mankhwala okweza chitetezo amene amagulitsidwa m'mabotolo okongola m'tauni, ena pa mtengo woposa thumba la feteleza. Mlamu wawo anali atalonjeza kuwagulira. Ndinawauza nkhani ya IL-2. Imeneyi ndi cytokine yeniyeni imene imachulukitsa ma CD4, ndipo akatswiri anaiyesa pa anthu masauzande m'makafukufuku awiri, ESPRIT ndi SILCAAT, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2009. Nambala ya CD4 inakweradi, koma matenda ndi imfa sizinachepe, ndipo obayidwawo anavutika ndi zotsatira zoipa za mankhwalawo. Ngati chinthu chimene chimakwezadi nambala sichinapulumutse anthu, botolo la m'tauni limene palibe analiyesa silingawapatse kanthu. Ndinawapempha kuti ndalamazo agulire mazira, usipa ndi nyemba, ndipo asasiye Bakitirimu, amene kwa munthu wa CD4 yotere ndi mpanda weniweni ku chibayo, kutsegula m'mimba ndi malungo. Sitinasinthe 13A, chifukwa kusintha ma ARV mwa munthu wa viral load yosaoneka sikukweza CD4. Fodya amene anaphunzira ku Joni ndinalimbana nawo mpaka anasiya, ndipo BP timawayeza ulendo uliwonse.

Kuchokera pa bambowa ndinasintha zinthu ziwiri pa wodi. Wodwala TB aliyense wa CD4 yosaposa 100 amene akuyamba ma ARV ndimamuvula n'kumuyang'ana Kaposi, ndipo ngati palibe choletsa ndimakambirana ndi dokotala wamkulu za prednisone woteteza. Ndipo palibe amene amatuluka ndisanakhale pansi ndi gadiyani wake, makamaka amene ali ndi mawu pa banjapo, kumuuza kuti pa sabata yachiwiri kapena yachitatu thupi likhoza kutentha, zotupa zikhoza kukula, ndipo zikatero abwere tsiku lomwelo ndi mabotolo onse, osasiya ngakhale limodzi.

Mwezi wathawu bambowa anakwanitsa zaka ziwiri chiyambirenso mankhwala. Anabwera okha, akupalasa njinga yawo. Sikelo inali 61, viral load yosaoneka, CD4 204. Chipsera cha m'khosi amachibisa ndi kolala ya shati. Anandiuza kuti akuganiza zobwerera ku Johannesburg dzinja likatha chifukwa kumudzi ndalama ikuvuta. Sindinawaletse. Tinalemba kalata yowasamutsira ku kiliniki ya kumeneko, yonena mankhwala amene akumwa, CD4 imene anayambira, TB ndi IRIS imene anadwala, ndipo ndinawauza kuti akafika akaipereke sabata yoyamba, mabotolo asanayambe kupepuka. Anaipinda kanayi n'kuiika m'kabuku kawo katsopano, n'kufunsa ngati mayi awo angabwere Lachinayi kudzayezetsa BP.